Boneti ya a Chirambo ndi Chitenje cha Ankhazi

Ntchito yotsuka magalimoto inandipeza ndikugulitsa zitumbuwa. Ndinali nditabwera ku Rumphi kuchokera kwathu ku Ntcheu banja langa litatha, mwana kumsana, n'kufikira kwa mkulu wanga yemwe amuna ake ankagwira ntchito pa boma. Alamu angawo anali munthu wabwino, koma nyumba inali yaing'ono, ndipo paja mlendo ndi mame. Ine ndinali mame okana kukamuka. Tsiku lina alamuwo anandiuza mosapsatira kuti ngati sindipeza ntchito yeniyeni mvula isanagwe, ndibwerere kumudzi ndikalime. Kumudziko ndi kumene sindinkafuna kubwererako ngakhale kumaloto.

Beseni langa la zitumbuwa ndinkaliika pafupi ndi malo otsukira magalimoto a bambo Mzumara. Bamboyu anakhalitsa ku Joni akugwira ntchito yomweyo, ndipo pobwerera kwawo anabwera ndi makina opopera madzi, zitini za polishi ndi mtima wosachedwa kupsa. Mmawa wina wantchito wawo sanabwere, anali atapita kukagwira ganyu ya fodya ku Hewe osatsanzika. Minibasi ziwiri zinali kudikira, madalaivala akuliza mahutala. Ndinavundikira zitumbuwa zanga, ndinamanga chitenje, n'kutola siponji. Palibe anandipempha. A Mzumara anandiyang'ana nthawi yaitali ndikutsuka, kenako anati, “Iwe Nyantcheu, ukutsuka ngati ukusambitsa khanda. Ubwere mawa. Koma ndikukuyesa kaye.” Dzina la Nyantcheu, kutanthauza mkazi wa ku Ntcheu, linandikanirira kuyambira tsiku limenelo mpaka lero.

Ine ndinkaganiza kuti kutsuka galimoto n'chimodzimodzi kutsuka mbale, kungoti mbaleyo ndi yaikulu. Ndinalemba m'madzi. Ndowa zimakhala ziwiri, ina ya sopo, ina ya madzi otsukuluzira siponji kuti mchenga usabwerere pa penti. Umayambira padenga kutsikira m'munsi, matayala pomaliza. Siponji ikagwa pansi, ntchito yake pa penti yathera pomwepo. Tinsalu tofewa topukutira, timene anabwera nato kuchokera ku Joni, a Mzumara ankatisunga m'jumbo yomanga pakamwa, ndipo ukakhudza kamodzi ndi manja a girizi unkamva mbiri ya makolo ako.

Patapita milungu ingapo anayamba kundikhulupirira pa phula. Linali m'chitini chozungulira, lachikasu, lolimba, lonunkhira bwino moti mwana wanga ankafuna kulinyambita. Ankalitcha phula la kanauba, ati limachokera ku masamba a mtengo wina wonga mgwalangwa wa kutsidya kwa nyanja. Umalipaka pamthunzi, chitsulo chili chozizira, ndi kasiponji konyowa pang'ono, mopyapyala kwambiri. Ukalichulutsa umangodzipatsa ntchito. Kenako umadikira kuti lichite mbuu. Kuti udziwe ngati lauma, umadutsitsa chala: likapakika ndiye kuti nthawi sinakwane, likachoka n'kusiya mzere woyera bwino ndiye upukute.

Panalinso botolo lopopera limene ankalitcha kwiki. Amenewa ndi madzi oterera ochotsera zidindo za zala ndi kafumbi kochepa pa galimoto yotsukatsuka kale. A Mzumara anali ndi malamulo awiri pa botololi. “Pa chitsulo chotentha ayi. Pa fumbi lambiri ayi. Kwiki si sopo, komanso si phula.” Kuti ndimvetse, anatenga chitseko chakale chakuda chimene chinkakhala kuseri, anachipaka phula chonse, kenako theka lake anapoperapo kwiki. Anandiimika patali. Mbali ya phula lokha inali yakuda bii, yozama, ngati ukusuzumira m'chitsime. Mbali ya kwiki inali yowala kuposa inzake, yoterera, nkhope yako inkaoneka bwino ngati pagalasi, koma kuzama kuja kunali kutachepa. Zonse ziwiri zinali zokongola, koma sizinali zofanana. Anyamata a minibasi ankakonda kuwala kwa kwiki. A Chirambo ankadana nako.

A Chirambo anali mphunzitsi wamkulu wopuma ntchito komanso mkulu wa mpingo. Ankakhala pa boma, koma kwawo kunali ku Khondowe. Anali ndi galimoto yakale, yaitali, yakuda, imene anagula akazi awo ali moyo, ndipo ankaibweretsa mwezi uliwonse ngakhale isanade. Ankakhala pa benchi, chipewa pa bondo, n'kumaonerera dzanja lililonse lokhudza penti. Tsiku lina a Mzumara atanyamula botolo la kwiki, mkuluyo anakweza ndodo. “Zimenezo ayi. Sindikufuna iwale ngati minibasi. Amayi ake a Lusungu ankaikonda ili yakuda, osati yonyezimira.”

Lusungu anali mwana wawo womaliza, ndipo mwezi wa Okutobala chaka chimenecho ankakwatiwa ku Khondowe. Galimoto ija ndi imene inayenera kumunyamula kuchoka panyumba kupita ku tchalitchi. Lachisanu tinaitsuka n'kuipaka phula ine ndi a Mzumara, ndipo pangano linali lakuti iwo akwere nayo Loweruka mmawa kuti akaichotse fumbi la m'njira. Koma tikumaliza, foni ya a Mzumara inalira. Amalume awo anali atamwalira ku Hewe. Anaima kanthawi atagwira m'chiuno, kenako anayamba kulongedza chikwama: sopo, siponji, tinsalu toyera, chitini cha phula ndi botolo la kwiki.

“Upita ndiwe, Nyantcheu,” anatero. “Kwikiyu ndi wa magalasi ndi zogwirira zitseko basi. A Chirambo ndi amene amatibweretsera aphunzitsi ndi abusa onse amene umawaona panowa. Galimotoyi ikakafika pa tchalitchi ili bwino, ntchito ndi yako. Ikakafika ili ndi mabala, Lolemba usadzavutike n'kubwera.” Sanali kuseka, ndipo mitambo inali itayamba kale kusonkhana cha ku Nyika madzulo aliwonse.

Tinanyamuka m'mamawa. Woyendetsa anali Wongani, mphwake wa a Chirambo. Kutsogolo kunakhala mlongo wawo wa a Chirambo, mayi wamkulu wa thupi ndi mawu omwe, amene aliyense ankangowatchula kuti ankhazi, kutanthauza azakhali a mkwatibwi. Tisananyamuke, wina anasiya zala pa chogwirira chitseko. Ndinapopera kwiki pang'ono pa kansalu n'kupukuta, chidindocho chinazimiririka. Ankhazi anaona. “Aaa, mwana wanga, mankhwala awa ndi abwino chomene!” Ndinamwetulira, osadziwa kuti ndaphunzitsa munthu ntchito.

Msewu unali wafumbi ndi wokwera. Pofika ku Khondowe galimoto yathu yakuda inali itasanduka yofiira, ndipo boneti inkatentha moti sukanaikapo dzanja, dzuwa pamwamba, injini pansi. Ndinapempha Wongani kuti aimike pamthunzi kuseri kwa nyumba, koma amayi anali atatchinga kale njira, akuimba ndi kuvina, onse atavala chitenje chimodzi cha ukwati. Galimoto inaima pakati pa bwalo padzuwa. Wongani anathamanga kukavala suti, makiyi m'thumba.

Ndinawerengera kuti ndidikire boneti izizire kaye. Apo n'kuti ankhazi atandigwira kale padzanja. “Mlendo sagwira ntchito asanamwe tiyi. Chikwamacho ikani apa, kuno kulibe wakuba.” Anthu a kumpoto kuno moni sapereka wa chigulu. Aliyense amabwera payekha, amagwada, amafunsa za kumene wachokera, za mwana, za mvula. Ndinayankha yewo, zikomo wa kuno, mpaka pakamwa panauma, tiyi ali m'manja, nthochi zophika zili pambale. Kukana sikukanatheka. Ndili pakati pa kudya, ndinamva nyimbo panja itasintha, yayamba kuzilala, kenako inatha. Kunangoti zii. Ndinaika kapu pansi n'kudzuka.

Nditatuluka ndinapeza ankhazi ali pa boneti, botolo la kwiki kudzanja lamanja, nsonga ya chitenje chawo kudzanja lamanzere. Anali atapopera boneti yonse, pa fumbi pomwepo, padzuwa pomwepo. Kwiki ankauma asanapukutidwe, n'kusakanikirana ndi fumbi. Chitenjecho chinali chatsopano, chosachapa, cholimba ngati pepala. Boneti inali mizeremizere yotuwa, pena matope ofiira, pena mawanga oyera. Akamapukuta kwambiri m'pamene zinkaipiraipira.

Kunena zoona, mawu amene anabwera kukhosi kwanga sanali oyenera pa ukwati wa chikhristu. Ndinaona Lolemba, ndinaona basi ya ku Ntcheu, ndinaona khasu. Koma ndisanatsegule pakamwa, ankhazi anatembenuka. Mayi amene mmawa wonse ankalamula aliyense uja analankhula ndi mawu otsika.

“Mwana wane, nananga,” anatero m'Chitumbuka, kenako anabwereza kuti ndimve. “Ndaononga galimoto ya achimwene. Ndimafuna ndikupeputseni ntchito inu mukudya. Akaona izi lero, pa tsiku la mwana wawo, ine ndilowera kuti?”

Mkwiyo wanga unathera pomwepo, koma mantha anatsala. Ndinawalandira botolo lija mwaulemu, ndi manja awiri. “Simunaononge, ankhazi. Mwangoyamba nthawi isanakwane. Abambo ali kuti?”

“Ali mkati ndi akuluakulu, akupemphera.”

“Asatuluke. Ndikufuna makiyi, madzi ambiri, ndi anthu okankha.”

Mutu umodzi susenza denga, ndinazionera pamenepo. Ankhazi anangokweza mawu kamodzi, bwalo lonse linagwedezeka. Wongani anatuluka ndi nsapato imodzi, tayi ili pakhosi yosamanga. Ndinamuletsa kuliza injini kuti boneti isatenthenso, choncho amayi a zitenje zawo zatsopano anakankha galimoto mpaka kuseri kwa nyumba, pamthunzi wa khoma. Tinatsegula boneti kuti kutentha kutuluke. Ndowa zinayamba kubwera pamitu kuchokera kumpopi. Chitsulo chitayamba kugwirika, tinatseka, ndipo ndinathira madzi pang'onopang'ono kuyambira padenga, osakhudza ndi kanthu, kuti fumbi litsike lokha. Kenako sopo ndi siponji, kenako kutsukuluza, kenako kuumitsa. Mbali zonse zinabwerera mwakale, phula la dzulo lili bwinobwino. Boneti yokha inatsala ndi mizere ya kwiki wouma uja.

Belu loyamba la ku tchalitchi linalira.

Kwiki wouma amachoka ndi kwiki mnzake. Ndinapopera pang'ono pa kansalu, osati pa galimoto, n'kumapukuta kachigawo kakang'ono, kutembenuza kansalu, kupukutanso ndi mbali youma. Mizere inayamba kuchoka. Amayi aja anayamba kuwomba m'manja, wina analiza nthungululu. Ankhazi anapuma mpweya waukulu. Ine ndinabwerera m'mbuyo masitepe angapo monga ankandiimikira a Mzumara, ndipo mtima unagwanso. Boneti inali kuwala ngati galasi, pamene zitseko ndi denga zinali zakuda mozama. Inali galimoto ya nkhope ziwiri, ngati chitseko chija cha kuseri kwa malo athu. Ndipo nditawerama n'kuyang'ana chammbali, ndinaona timizere tozungulira tosaoneka bwino, timene chitenje ndi fumbi zinasiya pa phula.

Njira zinali ziwiri. Yachidule inali yopopera kwiki galimoto yonse kuti ifanane. Aliyense pa ukwatiwo akanaiyamikira, kupatula munthu mmodzi, ndipo munthuyo ndi amene anali ndi ntchito yanga m'manja. Njira ina inali yotsukanso boneti ndi sopo kuti kwiki achoke, n'kupakanso phula, limene limakwiriranso timizere tating'ono ngati timeneto. Koma phula silimva belu. Limauma nthawi yake.

Ndinatsegula chitini. “Ankhazi, ndikufuna nthawi. Mkwatibwi asatuluke kufikira nditanena.”

Anandiyang'ana, anayang'ana boneti, kenako anakonza duku lawo. Mawu awo aja anabwerera. “Mwana wa achimwene anga satuluka m'nyumba ankhazi ake asanamalize kumulangiza. Umenewo ndi mwambo. Pakani.”

Ndinatsuka, ndinaumitsa, ndinapaka mopyapyala kuposa mmene ndinapakirapo chiyambire. Kenako panalibenso chochita koma kudikira. Kudzera pawindo ndinkamva ankhazi akulangiza Lusungu. Anayamba ndi za apongozi, anapita pa za mchere wa m'ndiwo, anafika pa za alendo obwera osanena. Zitatha anayambitsa nyimbo, ndime zake zonse, mpaka zimene anthu ambiri sazidziwa. Ndinadutsitsa chala pa boneti. Phula linapakika. Belu lachiwiri linalira, ndipo munthu wina wa kuchimuna anabwera ndi njinga yamoto kudzafunsa ngati mkwatibwi wasintha maganizo. Wongani anamuuza kuti ankhazi akupemphera. Munthuyo anavula chipewa n'kukhala pansi, zikuoneka kuti ankawadziwa.

Pempherolo sindidzaliiwala. Anapempherera mkwati, mkwatibwi, ana awo osabadwa, abusa, odwala m'chipatala, asodzi a kunyanja, ngakhale oyenda pamsewu wa ku Katowo amene sankakhudzidwa n'komwe ndi ukwatiwu. Ine chala chili pa boneti, thukuta kamukamu. Kenako chala chinadutsa n'kusiya mzere wakuda bii, wosapakika. Ndinakodola mayi wina amene anaima pakhomo, iye analowa n'kukanong'oneza. Ankhazi anali pakati pa kupempherera boma, koma ndinangomva, “Amen!”

Ndinapukuta mofulumira koma mopepuka, kansalu kamodzi kochotsa, kena kowalitsa. Kuzama kuja kunabwerera. Boneti inafanana ndi zitseko, mwina kuposa pang'ono, ndipo timizere tija sitinkaonekanso pokhapokha utadziwa pofufuza. Ankhazi atatulukira pakona, ndinawapatsa kansalu koyera komaliza. “Malizani ndinu, ankhazi. Mosakanikiza, ngati mukupukuta nkhope ya mwana.” Anapukuta kangapo mwaulemu waukulu, amayi ena akumanga maliboni.

A Chirambo anatuluka atavala suti yakuda, ndodo m'manja. Anazungulira galimoto pang'onopang'ono monga ankachitira pa boma. Atafika pa boneti anaima nthawi yaitali, ine mtima uli m'mwamba.

“Boneti mwaipaka kawiri,” anatero.

“Inde, bambo. Fumbi linali lambiri.”

Anayang'ana ine, kenako anayang'ana mlongo wawo, ndipo maso awo anatsikira pa nsonga ya chitenje imene inali ndi banga lofiira la matope. Ankhazi anayang'ana kumwamba ngati akuwerenga mitambo. Mkuluyo anatembenukiranso ku galimoto n'kunena chapansipansi, “Umu ndi mmene amayi ake ankaikondera. Yewo chomene, mama.” Atatero anatsegulira Lusungu chitseko ndi dzanja lawo.

Galimoto itanyamuka, ndinakhala pa ndowa yovundikira kuseri kwa nyumba n'kulira pang'ono, kenako n'kuyamba kuseka ndekha. Sindinamvepo kupepukidwa kotere chibadwire. Madzulo pa perekaniperekani, ankhazi anatenga chimkuzamawu n'kuuza khamu lonse kuti galimoto ya mkwatibwi anaipukuta ndi iwo ndi manja awo. Sanali kunama, ndipo ine ndinawomba m'manja kuposa aliyense.

Lolemba ndinafika pa ntchito m'mamawa, ndisakudziwa ngati ndiyambe kutunga madzi kapena ndidikire chigamulo. A Mzumara anafika maso ali ofiira ndi tulo ta pamaliro. Anatsegula chikwama, ananyamula botolo la kwiki n'kuliyang'ana padzuwa. Linali litatsala pang'ono kutha.

“Magalasi a galimoto imeneyi ndi aakulu bwanji, Nyantcheu?”

Ndinawafotokozera zonse, kungoti dzina la wopopera ndinalisunga. Anamvetsera osandidula, zomwe sizinkachitikachitika. Kenako anati a Chirambo anali atawaimbira kale foni Lamulungu. “Akuti kuyambira lero galimoto yawo uziigwira ndiwe. Akutinso uli ndi manja abwino ndi pakamwa pabwino. Sindikudziwa kuti pakamwapo pakubwera bwanji. Katenge ndowa.”

Padutsa zaka tsopano, ndipo magalimoto a maukwati ndapukuta ambiri. Pa za kwiki ndi phula, zimene ndinaphunzira n'zosavuta: kwiki ndi wabwino pa nthawi yake, pamthunzi, pa galimoto yoyera, koma amasintha maonekedwe a phula, choncho funsa kaye mwini galimoto kuti akufuna kuwala kapena kuzama. Phunziro lalikulu linali la anthu. Pa ukwati aliyense amafuna kugwirapo, ndipo manja ofuna kuthandiza ukawasiya opanda ntchito amadzipezera okha. Masiku ano botolo ndimalimangirira m'chiuno ngakhale pomwa tiyi, ndipo m'chikwama ndimaikamo tinsalu toyera towonjezera ta ankhazi a pamalopo, chifukwa ukwati uliwonse uli ndi ake.

Mvula yoyamba ya chaka cha ukwati uja inagwa masana, a Chirambo atangobweretsa galimoto yawo. Tonse tinathawira pansi pa malata. Madontho ankagwera pa boneti n'kumagubuduka ngati mikanda, osamata, monga amachitira pa phula labwino. A Mzumara ankadandaula kuti mvula yatiphera bizinesi ya tsikulo. Ine ndinangokhala pa benchi n'kumaonerera. Imeneyo ndi mvula imene inayenera kundipeza ndili ku Ntcheu, khasu lili m'manja.